Dzinja Limene Amalume Ankachemerera Estonia

Chinali chipewa chaubweya cha mizere itatu, wabuluu, wakuda ndi woyera. Amalume anachita kupatsidwa ndi mzungu wa ku Estonia amene ankakonza naye makina ku mgodi wa malasha ku Moatize. Anabwera nacho kwathu ku Zóbuè dzinja lina chimanga chili m'mawondo, ndipo ankachivala ngakhale dzuwa lili paliwombo, thukuta lili kamukamu, chikununkha ngati mbuzi yonyowa.

Anati abwera kudzapuma. Mayi, omwe ankalima okha chimwalirireni bambo, anakondwa kuti kwapezeka wogwira khasu lachiwiri. Khasulo silinalawe dothi. Kukacha amalume ankatsetserekera ku baraka ina yogulitsa mowa ya kumalire, kumene madalaivala a malole ankadikirira kuoloka, n'kukachonderera mwini wake kuti achotse mpira pa televizau. Mayi akandituma kukawaitana, nanenso ndinkakanirira komweko.

Zimene tinkaonera zimanditopetsa mpaka lero ndikazikumbuka. Anthu atamanga matabwa kumapazi, akutsetsereka pa chipale chofewa choyera ngati ufa, mamina ataumira pamilomo. Ena ankaima n'kuwombera mfuti, kenako n'kumapitirira. Amalume, amene madzi oundana anangowaonera mu jeleira yoziziritsira zakumwa, ankafotokoza ngati anabadwira konko.

"Wathu ndi uyo! Ulendo uno mendulo siphonya."

Wathu! Munthu wa dziko limene aphunzitsi analisakasaka pa mapa mpaka kukaitana anzawo a kalasi ina. Madalaivala ankaseka mpaka kugwira nthiti. Amalume analibe nazo ntchito. Mpikisano ukatha ankakwera kachulu kuseri kwa baraka, foni m'mwamba, n'kulembera mzungu uja uthenga wa Chipwitikizi chothyokathyoka.

Uku udzu unali utameza munda. Tinapalira awiri ine ndi mayi, zikhatho zanga zonse matuza.

"Achimwene, mendulo yanuyo tidzakazinga kapena tidzaphika?" mayi anafunsa tsiku lina, ndipo sankaseka.

Pa mpikisano womaliza, munthu wawoyo anafika anzake atayamba kale kukumbatirana. Anagwa chafufumimba pa mzere womalizira, kamera n'kumusiya pomwepo. Amalume anakwera kachulu kaja, nakhalitsa. Potsika maso anali ofiira. Ndinawapsera mtima kwambiri: bambo wamkulu, wandevu, kulirira mlendo woterereka pa matabwa, pamene matuza anga sanawafunse n'komwe.

Mawa lake anatenga khasu. Anapalira mwaukali, n'kudula ndi chimanga chomwe.

Mayi sanawakalipire, ndipo zimenezo zinandikwiyitsanso. Sindinkadziwa kuti ntchito ya ku mgodi inali itatha kale, ndiponso kuti mzungu uja pochoka analonjeza kudzawaitana kulikonse kumene angakapeze ina. Nkhani za mendulo zinali njira yokhayo imene munthu wamkulu akanam'kumbutsira mnzake popanda kupempha. Mauthenga onse aja, palibe ndi umodzi womwe umene unayankhidwa.