Zimene a Jeremiya anayankhula ku fiyeta

Akumpingo anandiuza kuti ndilembe mbiri ya amuna anga, a Jeremiya Mphepo, yoti ikawerengedwe povundukula chiliza. Ya tsamba limodzi ija ndinawapatsa kale. Iyi ndi ina, ya ine Esitere mkazi wawo. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, ndiye zolakwa muzingodumpha.

A Jeremiya anabadwira konkuno kwa Simlemba, ndipo moyo wawo wonse unali fodya wa bale. Nazale ankathirira okha, osakhulupirira munthu. Tsamba ankalidziwa ndi chala, maso ali kwina. Koma pakamwa, ayi ndithu. Zaka makumi atatu ndi ziwiri tinakhala limodzi. M'chigafa tinkasoka fodya tsiku lonse maondo atagundana, mawu awo ongoti "Patseni chingwe" kapena "Mvula iyo." Mwana wathu woyamba, Gomezgani, atamwalira ndi malungo ali ndi zaka zinayi, dzina lake sanalitchulenso. Ndikaliyamba ine, iwo ankatenga khasu n'kutuluka. Ndinangoti ndi mmene Mulungu anawalengera.

Chaka cha 2021 kunyamula mabelo kunawabweretsera phudzi, ndipo kuchipatala cha kuboma anati pakufunika opaleshoni. Vuto linali lakuti fumbi la fodya linali litawaonongera chifuwa. Komanso kale, ngolo itawathyola mwendo, anawabaya petidini woletsa ululu, n'kungotsala pang'ono kusiya kupuma. Zimenezi zinalembedwa ndi cholembera chofiira m'buku lawo lakuchipatala.

Wogonetsa odwala pa opaleshoni anali mayi wamfupi wamagalasi, dzina lake Gladness, msinkhu wa mwana wathu Olive. Anawerenga bukulo n'kuti, "Bambo, petidini ndi mofini sitikupatsani. Ndikubayani pamsana. Kuchokera m'chiuno kutsika simumva kanthu, koma mukhala muli maso. Pabalapo tiikapo mankhwala ochititsa dzanzi, kenako panado wa m'diripi. Ine ndikhala kumutu kwanu, tizicheza."

Ine ndinaseka. "Kucheza ndi awawa? Mwana wanga, bola ukacheze ndi chitseko."

Atalowa nawo ku fiyeta kukawachita opaleshoni, ndinadikira pabenchi ola limodzi ndi theka. Atawatulutsa pa kabedi ka matayala, maso awo anali ofiira ngati munthu amene walira, koma akuseka. Gladness akukankha bedi, naye akuseka. Anandiona n'kuti, "Amayi, munandinamiza! Amuna anuwa ndi wailesi."

Anthu pabenchi anaseka. Ine ayi.

A Jeremiya anachira bwino, m'mawa mwake anali akuyenda kale m'khonde. Koma kunyumba kunalowa dzina latsopano. "Mayi Gladness anati ndisanyamule cholemera." "Mayi Gladness anati ndizimanga kansalu pamphuno posankha fodya." Zomwezo ndinkanena ine zaka zonse, osandimva. Tikakolola ankayika mtedza m'thumba n'kukwera basi ya kuboma kukapatsa Gladness. Chaka china anatenga tambala wanga wofiira, amene ndinkasungira Khirisimasi.

"Kodi bambo a Olive, munkakambirana chiyani m'menemuja?"

"Za fodya."

"Fodya amaliritsa munthu wamkulu?"

Anatenga khasu.

Pamjigo azimayi sanandisiye. "Mayi Mphepo, akuti mitala ya masiku ano imayambira ku fiyeta. Mwamphikira chiyani mkazi mnzanu?" Ine za chibwenzi sindinkaganiza n'komwe, mwanayo ali ndi banja lake. Chinkandidya ndi ichi: ine ndawachapira, ndawaberekera ana asanu, ndipo wina wangokhala kumutu kwawo ola limodzi n'kulandira mawu amene ine ndinkawapempha moyo wonse.

Chifuwa chija chinawatenga chaka chatha mu Julaye. Gladness anabwera pamaliro, n'kukhala nafe m'siwa. Adzukulu atabwera kudzanena kuti manda atha, Gladness anandiweramira n'kunong'ona, "Awaika pafupi ndi Gomezgani?"

Ndinamuyang'anitsitsa. Olive amene, dzina limenelo sanalimvepo pakamwa pa bambo ake.

Titabwerako kumanda ndinamukokera Gladness kuseri kwa chigafa. "Undiuze zonse."

"Amayi, za odwala sitiulula."

"Wodwala wako ali pansi pa dothi. Watsala ndi ine."

Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kenako anati iye amayankhulitsa aliyense, chifukwa munthu akamayankhula amamva mmene akupumira, ndipo mawu akasintha amadziwa msanga kuti pali vuto. Anayambadi ndi za fodya. Koma pachifuwa pawo panali nsalu yotchinga kuti asaone mpeni, iye ali kumbuyo kwa mutu, ndiye a Jeremiya sankaona nkhope ya munthu aliyense, denga lokha. Basi anangoyamba.

Akuti anati tsiku limene Gomezgani anatentha thupi, ine ndinawauza kuti tipite kuchipatala, iwo n'kuti tidikire mawa, amalize kudinda mabelo chifukwa lole ya ku okushoni inali kubwera. Mawa lakelo mwana anatsirizikira panjira, ali kumsana kwanga. Akuti anati, "Mkazi wanga sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi. Akangotchula dzina lija ndimati lero anena, ndiye ndimathawa. Mkazi ameneyu ine sindimuyenera."

Gladness ankalira akunena zimenezi. Mwina ankaganiza kuti ndimukumbatira. Ndinamuthokoza, ndinamuperekeza mpaka pamsewu.

Olive akuti ndikhale wosangalala, ndadziwa kuti bambo ake ankandikonda. Sakumvetsa. Tsiku lija nanenso ndinavomera kudikira. Miyendo ndinali nayo, ndikanabereka mwana n'kupita ndekha, koma ndinakhala n'kumawathandiza kusanja masamba. Zaka zonsezi ndikamatchula Gomezgani sindinkafuna kuwaimba mlandu, ndinkafuna kuwauza kuti tinalakwa tonse awiri. Iwo kuthawa ine, kukamasuka kwa mlendo amene mwanayo sanamuonepo, n'kumamupititsira mtedza chaka ndi chaka chifukwa anawamvetsera. Kodi ine makutu ndinalibe?

Ntchito yake mwana uja anaigwira bwino, sindikana. Anawabweza amoyo, tinakhala nawo zaka zina zitatu. Koma mawu aja anali anga. Yankho lake ndili nalo, woti ndimupatse palibe.

Gladness wandiimbira foni kawiri kuchokera tsiku la maliro. Ndimangoyang'ana dzina lake mpaka foni itasiya kulira.