Maso a Amayi Anatsalira pa Galasi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinawononga chithunzi chokhacho cha amayi anga. Amayi anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo kunyumba kwathu ku Lupaso, mumzinda wa Mzuzu, tinatsala awiri, ine ndi adada, bambo anga. Chithunzicho chinali chaching'ono ngati chikhatho, chili m'felemu yagalasi pamwamba pa kabati. Amayi anali atavala duku, akuyang'ana kutsogolo.

Chaka chimenecho achibale a amayi ku Nkhata Bay anakonza zovundukula chiliza pamanda awo. Adada anafuna kupitako ndi chithunzi chachikulu chapenti, choti aliyense achione ngakhale atakhala kumbuyo. Anagwirizana ndi a Nyirenda, bambo wina wa ku Katoto amene ankajambula zikwangwani za masaluni ndi nkhope za anthu. Kunali kutatsala masabata atatu. Adada anali telala ndipo ankalawirira ku tauni, choncho Lolemba m'mawa anandisiyira emvulopu.

"Wezi, ukaweruka kusukulu uchotse chithunzi m'felemu, ukapereke kwa a Nyirenda. Galasi lisiye, lingakusweke m'njira."

Amene anakhalapo ku Mzuzu akudziwa chinyezi cha kuno. Zovala zimanunkha nkhungu zili musutikesi, machesi amakana kuyaka. Chinyezi chimenecho chinali chitalowa m'felemu, chithunzi n'kumatirira kugalasi. Ine sindinadziwe. Nditatsegula kumbuyo ndinaona kuti chikukanirira, ndiye ndinakoka. Ndinamva kaphokoso kakang'ono ngati ka tsamba louma. Duku linalipo, mphuno inalipo, pakamwa panalipo. Pamene panali maso panatsala mzere woyera wa pepala. Maso anatsalira pagalasi, timadontho takuda. Ndinayesa kuwapala ndi chikhadabo kuti ndiwabwezere, koma anangosanduka fumbi pachala changa.

Felemuyo ndinaibisa kuseri kwa kabati. Ulendo wa ku Katoto ndinauyenda emvulopu ndili nayo m'kati mwa juzi. Ndinaganiza zoitaya m'ngalande kuti ndikanene kuti andilanda, koma dzanja linakana.

A Nyirenda ankagwirira ntchito m'kachisakasa ka malata kuseri kwa golosale. Munkanunkha penti ndi palafini. Anali bambo wamfupi, ovolosi yawo yodzaza madontho amitundumitundu.

"Monire, mama. Ndiwe mwana wa atelala?"

"Yewo," ndinayankha moni wa Chitumbukawo nditagwada, maso ali pansi.

Anatsegula emvulopu, n'kuyang'anitsitsa chithunzicho.

"Wachita ndiwe?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Chithunzi china chilipo?"

"Palibe."

"Duku ndijambula, mphuno ndijambula. Koma maso sindingapeke. Ndikapeka, adzakhala mzimayi wina wovala duku la amayi ako." Anapumira m'mwamba. "Kwanu ndani anatengera maso awo?"

"Anthu amati ine."

"Ndiye dzutsa mutu ndione."

Apa m'pamene panali povuta. Tonse tinaleredwa kuti mwana sayang'ana wamkulu m'maso, koma ine ndinkapitirira muyeso. Chimwalirireni amayi, anthu ndinkawadziwira nsapato. Aphunzitsi, amayi a kutchalitchi, ngakhale adada, ndinkawadziwa bwino mapazi kuposa nkhope. Ndinadzutsa mutu pang'ono, n'kuubwezanso msanga.

"Chabwino," anatero a Nyirenda. "Uzibwera udzikhala pano, ndijambule maso ako. Koma adada ako uwauze wekha zomwe zachitika. Si ntchito yanga imeneyo."

Ndinavomera. Madzulo ake adada atandifunsa ngati ndapereka, ndinati eya, n'kupita kukatsuka mbale zomwe zinali zotsukidwa kale.

Nditabwerera Lachinayi ndinapeza nkhope ya amayi itayamba kuoneka pachinsalu chachikulu, koma pamalo pa maso panali mabwalo awiri opanda kanthu. Ndinachita mantha kuiyang'ana. A Nyirenda anandikhazika pakampando pafupi ndi khomo, pamene kuwala kunkalowera. Akati yang'ana kuno, ndinkayang'ana pang'ono, kenako mutu unkagwa wokha.

"Iwe, ine sindijambula pamutu," anatero. "Ukufuna amayi ako akafike ku Nkhata Bay ali ndi liwombo m'malo mwa maso?"

Sindinaseke. Misozi inali pafupi. Iwo anaika bulashi pansi n'kukokera mpando wawo pafupi nane.

"Tiye tisinthane. Ine sindikuyang'ana, iwe ndiye uyang'ane diso langa. Undiuze mitundu yomwe ukuionamo."

"Loyera ndi lakuda."

"Wanama. Sunayang'ane."

Ndinayang'ana. Choyera cha diso lawo sichinali choyera. Chinali chachikasu pang'ono, chokhala ndi timizere tofiira. Pansi pa chikope chapamwamba panali mthunzi wotuwa. Chimene ndinkati chakuda chinali ngati tiyi wopanda mkaka, chakuda chenicheni chili pakati pokha. Chakumwamba kwake kunali kakhomo kakang'ono kowala, khomo lomwe lija la chisakasa chawo. Ndinawauza zonsezi chimodzichimodzi, ndipo nditamaliza ndinazindikira kuti ndayang'ana munthu wamkulu m'maso nthawi yaitali, osafa.

"Waona," anatero. "Penti yoyera yokhayokha imapanga diso la nsomba yogona pamsika. Tsopano khala choncho."

Ndinawaona akusakaniza penti pathabwa, yoyera ndi yotuwa pang'ono ndi kachikasu. Anayamba ndi zakuda, kenako mthunzi wa chikope, kenako kofiirira ka pangodya pafupi ndi mphuno. Kabulashi kena kanali ndi titsitsi towerengeka, ndipo ndi kameneko anajambula kamzere konyowa ka m'munsi mwa diso. Penti yamafuta imachedwa kuuma, makamaka kuno kozizira, choncho ndinapitako maulendo anayi. Ulendo wachiwiri anandifunsa ngati adada ndawauza. Ndinati eya. Sanafunsenso.

Kunyumba chakudya chinkandikanika. Adada akafunsa kuti chithunzi chikuyenda bwanji, ndinkati bwino. Ndikamva mapazi awo akulowera kukabati, ndinkathawira panja. Ndinkapemphera chinthu chimodzi, kuti maso anga afanane kwambiri ndi a amayi mpaka adada asadzafunse za kachithunzi kaja.

Loweruka, kutatsala sabata imodzi, tinapita limodzi kukatenga. A Nyirenda anachotsa nsalu yomwe anaphimbira. Ine ndinkayang'ana nsapato za adada. Zinayenda masitepe awiri, n'kuima. Kunja kunkadutsa njinga zamoto, ndipo ndinaziwerenga mpaka zisanu adada asanalankhule.

"A Nyirenda, ntchito mwagwira chomene. Duku ndi lomwelo, pakamwa ndi pomwepo. Koma maso awa si a NyaChirwa." Limeneli ndi dzina lomwe ankawaitanira amayi. "Mkazi wanga ankagulitsa usipa mumsika waukulu, ankakangana ndi amuna a malole osaphethira. Uyu akuopa. Akuopa chiyani?"

"Ine ndajambula zomwe ndinaona, adada," anayankha a Nyirenda. Kenako mapazi awo anatembenukira kwa ine. "Mama, unati wawauza."

Ndinadzutsa maso kuyang'ana chinsalu. Zinali zoona. Amayi anali atatong'ola maso ngati munthu amene wamva kugogoda ndipo akudziwa chimene walakwa. Masabata awiri ndinabisa nkhaniyi poyang'ana pansi, koma apa inali pachinsalu, yaikulu, yoti anthu onse a ku Nkhata Bay akaione.

Ndinafotokoza zonse, za galasi, za chikhadabo, za felemu kuseri kwa kabati. Mawu ankatuluka modukaduka. Adada anapempha emvulopu ija. Anatulutsa kachithunziko n'kukagwira ndi manja awiri. Sanandimenyepo chibadwire, koma tsiku limenelo ndinadikira khofi.

"Galasi ndinakuuza ndine kuti ulisiye," anatero motsitsa. "Pamenepo talakwa tonse. Koma masabata awiri ukundiuza kuti bwino, bwino. Chimenecho wachita wekha."

Ndinalira mopanda phokoso.

"Wezi, tandiyang'ana."

Ndinadzutsa mutu. Maso a adada anali ofiira, onyowa m'munsi, ndipo m'mbali mwake munali makwinya omwe sindinkawadziwa. Tinayang'anana, ndipo amene anayamba kutembenukira kumbali anali iwo. Anapukuta kumaso ndi emvulopu ija.

"Zaka zitatu ndikuyang'ana kapepala," adada anauza a Nyirenda, "maso a mkazi wanga ali m'nyumba mwanga momwe."

A Nyirenda anati sikofunika kufufuta zonse. Anati mantha sakhala m'kati mwa diso, amakhala m'zikope ndi m'nsidze, ndipo zimenezo zikhoza kukonzedwa ngati ndingakhalenso pakampando. Ndinakhala. Adada anaima kumbuyo kwawo, choncho poyang'ana wojambula ndinkayang'ananso iwo. Poyamba panalibe chosintha.

"Atelala, mwanayu akadali kukhoti," anatero a Nyirenda. "Tamuuzeni kanthu."

Adada anaganiza pang'ono, kenako anayamba kusimba za tsiku lomwe anakumana ndi amayi. Anati anapita kukagula usipa n'kuyamba kunenerera mtengo. Amayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Achimwene, thalauza mwasoka bwino, koma m'thumba munaiwala kusokeramo kanthu." Ankayesa kutengera mawu a amayi, koma ankalephera, ndipo kulephera kwakeko n'kumene kunandiseketsa, misozi ikadali m'masaya. A Nyirenda anayambanso kujambula. Bulashi yawo inkayenda mofulumira. Anatsitsa chikope chapamwamba, anafewetsa nsidze, anaika kakwinya pangodya. Pomaliza anatenga penti yoyera pansonga ya kabulashi n'kudontheza kamodzi m'diso lililonse.

Adada anayang'ana nthawi yaitali. "Yewo chomene," anathokoza.

Chithunzicho chinapita ku Nkhata Bay penti isanaumitsitse, adada atachinyamula pamiyendo m'minibasi, akuchenjeza aliyense kuti asachikhudze. Kumandako ena anati ndi NyaChirwa weniweni. Azakhali ena anati akuona Wezi. Ndikuganiza kuti onse ananena zoona, ndipo chimenecho chimandipwetekabe. Lero ndikafuna kukumbukira mmene amayi ankayang'anira, sindidziwa ngati ndikuona maso awo kapena anga. Chimene ndinapala ndi chikhadabo sichinabwerere.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo manyazi sanandichoke. Kuchipatala anamwino akandifunsa funso, mutu umafunabe kugwa. Koma tsopano ndikudziwa kuti kuyang'ana pansi kuli pawiri. Kwina ndi ulemu, kwina ndi kubisala, ndipo ine ndinkabisala n'kumati ndikulemekeza. Adada ndinawamana nkhope yanga zaka zitatu, pa nthawi yomwe ankaifuna kwambiri.

Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka zitatu. Sabata yatha anaswa kapu, ndipo ndinamupeza ataima pakona, chibwano chili pachifuwa, ngakhale palibe amene anamuphunzitsa zimenezo. Sindinamuuze kuti adzutse mutu, chifukwa ndikudziwa kulemera kwake. Ndinagwada pasimenti, pakati pa zidutswa za kapu, mpaka nkhope yanga inafika pamene iye ankayang'ana.