Pijo Yosatsuka

Mvula yoyamba ikamayandikira kwa Mlolo, anthu amabisa chilichonse chofiira, poti chofiira chimaitana mphezi. Maliko, makanika wa m'deralo, anali ndi chofiira chachikulu kuposa onse: galimoto ya mipando iwiri, yopanda denga, imene Mpwitikizi wina anaisiya pothawa ku Mozambique, osabweranso. Inali ya liwiro ngati mphepo ya mwera, koma yogwa mimba pansi. Dzinja lililonse Maliko ankaifunditsa nsalu yakuda.

Pambali pake pankaima galimoto ina, Pijo yakale ya pabanja, yotsokomola. Iyo inkanyamula odwala, matumba a thonje, akwati ndi maliro. Ikatitimira m'matope, apongozi ake a Maliko, a Elias, munthu wathupi, ankakhala kumbuyo kuti matayala agwire.

Chaka chimenecho a Elias anamwalira, ndipo Pijo ndiyo inabweretsa mtembo. Mwambo unali woti galimoto yotere isakweredwe mpaka itatsukidwa ndi mankhwala, tsiku lometa. Lisanafike tsikulo, masana ena mitambo itada bii, mkazi wa Maliko, Juliana, anayamba kumva kupweteka, mwana atakhala mopingasa. Azamba anati athamangire naye ku chipatala cha mishoni, tsidya la mtsinje wa Thangadzi.

"Mai, ndimutengera pa Pijo," Maliko anauza a Magdalena, amayi a Juliana.

"Yosatsuka? Wapakati sakwera pomwe panagona mtembo. Tengani yofiirayo, ndi yachangu."

"Kumwambako mukukumva? Ndiponso iyo singaoloke ngakhale mkodzo wa mbuzi."

A Magdalena anayang'ana mitambo, nayang'ana mwana wawo.

"Akhale kutsogolo. Asacheuke."

Ananyamuka awiri. Mpando wakumbuyo unali wopanda munthu, koma Maliko ankaidziwa galimoto yake ngati khasu la m'manja: inali italemera. Pa bampu iliyonse kumbuyo kunkagunda pansi. Fungo la fodya wa chingambwe, uja ankasuta a Elias, linadzaza m'kati, chonsecho Maliko sasuta.

"Ndani ali kumbuyoko?" Juliana anafunsa, mano atalumana.

"Yang'ana msewu."

Pa Thangadzi madzi anali atafika m'mawondo, odera, akutenga mapesi. Pakati pa mtsinje matayala anazungulira pachabe. Kenaka kumbuyo kunatsika pang'onopang'ono, monga mmene zimakhalira munthu wathupi akamadzikonza pokhala. Matayala anagwira. Anaoloka.

Mwana anabadwa dzuwa lisanalowe, wamkazi, wolira mwamphamvu.

M'mawa mwake, madzi ataphwa, Maliko anabwerera yekha. Pijo inali yopepuka, ikudumphadumpha ngati thole. Kunyumba anapeza nsalu yakuda itagwa ndi mphepo, yofiira ija itadzaza madzi mpaka m'mipando, achule akuimbamo.

Tsiku lometa a Magdalena anabweretsa mphika wa mankhwala ndi nthambi yowazira. Maliko anayamba watsekula chitseko chakumbuyo, naima pambali.

"Takhuta, pai," anathokoza apongozi akewo motsitsa mawu.

Anadikira kanthawi. Ndiye anaviika nthambi, nawaza mpando wonse, kuyambira kumene a Elias ankakhala mpaka mbali inayo, natseka chitseko.