Wayilesi yatsopano sidumpha

Lolemba lapitali bambo a Tiyamike anachotsa wayilesi yakale m'galimoto yawo. Ine ndinalipo, mwana ali kumbuyo, nditaima pamthunzi wa shopu ya Che Bwanali, amene amakonza mawayilesi ndi magetsi a galimoto kuseri kwa depoti. Ndinaona ndi maso angawa akuizula, mawaya ali lendelende ngati mizu ya chinangwa.

Inu amene mumawerenga tsamba lino sabata ndi sabata mukundidziwa. Ndine wamantha. Chibadwire Tiyamike, miyezi isanu ndi inayi tsopano, ndimaopa chilichonse, udzudzu, mbaula, chidebe cha madzi, ngakhale tulo take akagona nthawi yayitali ndimapita kukamugwira pamphuno. Ndiye mwina munena kuti mayi uja wayambanso, lero akuopa wayilesi. Tandimverani kaye.

Amuna anga amayendetsa galimoto ya matola, kuchoka pa boma, kukwera phiri la Chowe mpaka ku Chiponde, n'kubwereranso. M'wayilesi yakale ija munali chimbale chimodzi basi, cha kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Lungwena, nthawi imene ndinali mtsikana ndikuyimba mawu achiwiri. Anachigula kwa ine tsiku limene tinkagulitsa zimbalezo pa depoti, ndipo anadzaulula titakwatirana kale kuti nyimbozo sankazifuna n'komwe, ankangofuna poyambira nkhani. Anachilowetsa m'wayilesi, sichinatulukenso. Anakanikiza batani, anayesa ndi waya, anayesa ndi supuni, chinakana. Zaka zitatu, nyimbo khumi zomwezomwezo.

Anzawo pa siteji anawapatsa dzina loti Akwaya. M'mawa akangofika ankawafunsa, "Akwaya, lero tiyamba ndi nyimbo iti, yoyamba kapena yoyamba?" Achinyamata ena akamva kwayayo ankadutsa n'kukakwera galimoto ina. Sindiwadzudzula amuna anga pofuna wayilesi ina. Munthu amatopa kusekedwa.

Koma chimbale chija chinali ndi khalidwe limodzi. Sichinkafuna kugwedezedwa. Tayala likangogunda dzenje mwamphamvu, nyimbo inkadumpha, kwaya yonse n'kuchita chibwibwi, kenako zii. Ndiye bambo a Tiyamike, poopa manyazi pamaso pa apaulendo, anauphunzira msewu uja ngati mmene ine ndimaidziwira nkhope ya mwana wanga. Dzenje lisanafike, phazi alichotsa kale pa moto. M'makona a Chowe, pang'onopang'ono. Anthu ankawatama kuti ndi dalaivala wofatsa. Ine ndinkadziwa kuti ndi chimbale chimene chikuwagwira phazi, ndipo ndinkachithokoza mumtima osauza munthu.

Tsono Lolembalo Che Bwanali anamanga wayilesi yatsopano, yowala buluu, n'kutulutsa m'thumba fulashi, kakang'ono ngati chala changa chaching'onochi.

"Achimwene, umu ndakuikiranimo nyimbo zoti mungayende sabata yonse osabwereza," anatero. "Ndiye ubwino wake waukulu, iyi sidumpha. Dzenje, mwala, thamangani mmene mufunira, iyo ingoyimba basi."

Amuna anga anaseka, anagwirana chanza. Ine ndinangomva mawu akuti thamangani mmene mufunira.

Tisanachoke, Che Bwanali anamasula wayilesi yakale ija ndi sikuludiraiva, anatulutsa chimbale n'kundipatsa. "Alamu, tengani, mukakoleke pakhoma." Chinali ndi mikwingwirima paliponse. Ndinachiika m'kabuku ka kusikelo ka Tiyamike.

Lachitatu ndinakwera nawo, ndimakaoda zitenje ku Chiponde. Ndinene zoona, wayilesi ija imamveka bwino. Ng'oma umaimva pachifuwa. Tiyamike ankadumphadumpha pamiyendo panga kutsogolo kuja, akuseka ndi timano take tiwiri, bambo ake n'kumamuyang'ana, nkhope yawo ili ngati ya mwana amene amugulira nsapato. Ndinati mwina ndi ine, mwina ndi mantha anga aja.

Pobwerera masana, tikutsika Chowe, galimoto itadzaza, bambo wina wa chipewa chofiira kumbuyo anayamba.

"Adalaivala, imeneyo inatha kalekale, tadumphani."

Anakanikiza batani.

"Ayi, bwezerani ija, ndimaikonda," anatero mayi wina wonyamula thumba la nyemba.

Anabwezera. Wina anati pali ina ya ku Mozambique, taifunani, ili cha pakati. Timalemba ta pa wayilesiyo n'tating'ono, munthu amayenera kuwerama kuti awerenge. Ine sindinkamvanso nyimbo, ndinkangoyang'ana maso awo, msewu, wayilesi, msewu, wayilesi, wayilesi, dzanja limodzi pa chiwongolero, galimoto ikutsika mopepuka kuposa masiku onse, kona ikubwera, ndipo tayala la mbali yanga linachoka pa phula. Ndinamva miyala ikulira pansi. Bambo wina amene ankakankha njinga ya makala anaitaya n'kudziponya muudzu. Amuna anga anakhotetsa, galimoto inagwedezeka, inabwerera mumsewu.

Anaima patsogolo pang'ono, anatsika, anathandiza bambo uja kudzutsa njinga, anapepesa. Palibe anavulala. Atabwerera, wa chipewa uja anati, "Akwaya, kale mumatiyimbira za kumwamba, lero mumafuna mutiperekeze komweko?" Galimoto yonse inaseka.

Ine sindinanene kanthu. Kwathu mkazi sadzudzula mwamuna wake pagulu, makamaka ali pantchito yake. Ndinangomuika Tiyamike kubere, ngakhale anali atangoyamwa kumene.

Bambo anga anakwera lole ya matola ine ndili Sitandade 6, ankapita kukagulitsa usipa. Loleyo inachita ngozi, anabwera nawo atakulungidwa mumphasa, ndipo sukulu yanga inathera pomwepo. Amene anapulumuka anadzatipepesa pamaliro, aliyense akuti tinkaona ndithu kuti dalaivala akuthamanga. Ndinali mwana koma ndinadzifunsa, nanga munkaona, bwanji osanena? Lachitatu lija ndinadziyankha ndekha. Inenso ndinaona, ndipo sindinanene.

Kodi ifeyo apaulendo tinakhala bwanji? Pakamwa timatsegula msanga tikafuna nyimbo. Kwezani, tsitsani, dumphani, bwezerani. Koma kunena kuti adalaivala chepetsani moto, timayang'anana, aliyense kudikira mnzake. Amene walimba mtima n'kunena, ndi apaulendo anzake omwe amayamba kumuseka: "Amayi, ngati mukuopa tsikani, mukagule yanu." Munthu amakhala chete kuopa kuoneka wachimidzi. Mmesa munthu amene tikumutuma nyimbo uja ndi yemweyo amene wanyamula moyo wathu m'manja? Kunyumba, mayi akanyamula poto wa madzi owira, timamuuza kuti tandikandeni pamsana?

Sindikunena kuti mafulashi ndi oipa. Ali ponseponse tsopano, m'maminibasi, m'malole, ngakhale a kabaza ya njinga yamoto amamangirira kasipika pa hendulo. Zinthu zakale zinali zovuta, inde, koma kuvuta kwakeko nthawi zina kunkatichedwetsa pamalo oyenera kuchedwa. Titazichotsa, palibe anatiuza kuti chinkatigwira phazi chija chapita nazo limodzi.

Lachinayi m'mawa ankatsuka galimoto panja pa nyumba, wayilesi ikuyimba. Ndinawabweretsera chidebe china cha madzi, ndinachiika pansi, sindinachoke.

"Bambo a Tiya, dzulo ndinaopa."

"Si palibe chinachitika."

"Chimbale chija chinkakuchititsani kuyenda bwino. Munkaopa kuti chidumpha. Panopa mukuopa chiyani?"

Anafinya nsalu, anapukuta galasi limene anali atapukuta kale. "Mayi a Tiya, ndiye mukufuna ndizingokhala Akwaya mpaka ndikalambe?"

"Mukalambe kumene. Ndi zomwe ndikupemphazo."

Anayang'ana pakhonde pomwe Tiyamike anali pamkeka akutafuna chivundikiro cha botolo. Kenako anathimitsa wayilesi, anati, "Chimbale chija munachiika pati?"

Tinapita limodzi kwa Che Bwanali. Amuna anga anaika fulashi ndi chimbale patebulo, pafupi ndi kompyuta.

"Mufufute zonsezi. Muikemo khumi za m'chimbalemu poyamba, kenako zina zochepa zomwe ndisankhe ine, zokwana kupita ndi kubwera basi."

Che Bwanali anavula magalasi. "Achimwene, anthu amabwera pano kuti ndiwadzadzire. Chiyambire ntchito imeneyi sindinaone munthu wobwera kuti ndimukhuthulire." Anatembenukira kwa ine. "Alamu, mwawadyetsa chiyani?"

"Makala," anayankha amuna anga, osaseka, akukumbukira bambo wa njinga uja.

Chimbale chija chinavuta kuwerengeka, mikwingwirima inachuluka, koma anachipukuta ndi kansalu, anayesa kachiwiri, chinalola. Atamaliza, bambo a Tiyamike anapempha tepi yakuda ija yomatira mawaya, anadula kachidutswa ndi mano, anamata pa batani lodumphira nyimbo. Ndamva kuti tsopano wapaulendo akati adalaivala tadumphani, amamuyankha kuti batani limenelo ndi la mayi a Tiya, mukawapemphe eni ake. Ndipo dzina la Akwaya labwerera pa siteji, lawonjezekanso, akuti Akwaya a fulashi.

Musaganize kuti mantha anga atha. Tepi imamatuka. Munthu amaiwala. M'mawa uliwonse akaliza injini ndimasuzumira pawindo la galimoto ngati ndikuwatsanzika, koma ndimakhala ndikuyang'ana ngati tepi ija ilipo. Iwo amadziwa, amangondiyang'ana n'kuloza ndi chibwano.

Loweruka tinapita ku Chowe kukaonetsa mwana kwa apongozi anga. Inayamba nyimbo yoyamba ya kwaya yathu, yomveka bwino kuposa kale, mpaka ndinadzimva ndekha mawu achiwiri aja, mtsikana amene sankaopa kanthu. Titawoloka mlatho, pali malo ena pamene pali dzenje lakale, pomwe chimbale chinkadumphira akapanda kuchepetsa moto, tili pakati pa nyimbo yachitatu. Ndinagwira mwana mwamphamvu. Ndinamva phazi lawo likuchoka pa moto, galimoto inafatsa, tayala linalowa m'dzenje n'kutuluka ngati likuopa kudzutsa munthu.

Ndinawayang'ana. Iwo maso anali pamsewu.

"Chingadumphe," anatero.

Chimbalecho chinali kunyumba, m'kabuku ka kusikelo. Sindinawakumbutse.

Inu amene mukwere galimoto mawa, ya amuna anga kapena ya wina aliyense, musanatsegule pakamwa kupempha nyimbo, tayang'anani kaye kumene kuli maso a dalaivala. Si onse amene ali ndi chimbale chowagwira phazi. Mukaona zimene ndinaona ine Lachitatu lija, mudzanena, kapena mudzadikira kukanena pamaliro kuti tinkaona ndithu?