Kulira kwa Kuseri kwa Khoma

Nyumba za ku Stoke, kuno kwa azungu, n'zogundana, makoma ake opyapyala moti neba akatsokomola umadzidzimuka ndiwe. Loweruka lina masana ndikusita yunifomu, ndinamva mawu aamuna akulira mokoka kuseri kwa khoma, zingwe ngati za gitala zikung'ung'udza pansipansi. Mtima wanga unangoti myuu.

Anebawo anali banja lachikulire lochokera kumapiri a Pamir, ku Tajikistan. Abambowo ambulansi inali itawatenga ndi chibayo, ndipo ine, namwino, ndinaona ndekha milomo yawo itada bii. Mashifiti anandipanikiza, sindinamvenso za iwo. Ndiye ndinangoti basi, atisiya.

Mwana wa ku Dedza angamve maliro n'kumasitabe? Ndinamanga chitenje, duku kumutu, shuga m'manja. Mwana wanga wamkazi akuti, "Mum, you can't just walk in!" Ndinati iwe, kumaliro amachita kuitana?

Pakhomo nsapato zinali mbwee. Ndinalowa chowerama, n'kukhala pansi pakati pa azimayi, n'kuyamba kulira. Osati zonamizira ayi, abambowo ndinkawakonda. Ndi amene ankanditulutsira mabini a zinyalala ndikaiwala.

Amayi a pakhomopo anandigwira phewa, nkhope ili ndi mantha.

"Mwana wanga, kwanu kwagwa zovuta? Wamwalira ndani?"

Ndinadzutsa mutu. Abale inu! Woimbayo anali malemu anga omwewo, owonda ngati ndodo, atakumbatira kagitala kawo kokutidwa ndi chikopa, kamene amati rubab. Ndinaseka misozi ili chuchuchu.

Amayiwo, atatha kundiseka, anandipatsa tiyi wamkaka wothira mchere. Anati nyimbo zotere amazitcha falak, ndipo munthu amadandaulira kumwamba. Kwawo mtsinje unasanduka malire, abale ena n'kutsalira tsidya la Afghanistan. Kenaka kunabwera nkhondo, ambiri n'kubalalika. Wosowa kwawo amaimba choncho, ngakhale pasafe munthu. Anthu onsewo anabwera kudzazonda abambowo, amene anali atangotuluka m'chipatala, ndipo eni akewo ankaopa kuti chifuwa sichidzakokanso mawu aatali aja.

Abambowo anandiloza ndi chala.

"Sisita, mwandidula pakati. Khalani pomwepo, mumve ngati mpweya ufike kumapeto."

Anayambiranso. Mawu anakwera, nakwerabe, ine maso ali pamapewa awo ngati ndili muwodi, ndikudikira chifuwa chiwatsamwe. Sanatsokomole. Anafika nayo kumapeto.