Ampulifaya ya ku Joni ndinaitayiranji?

Loweruka lapitali ndinachita manyazi pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga kwa Malemia. Amene ndinalonjeza zoimbira ndine. Ndinapita ndi ampulifaya yanga yatsopano, yakuda bii, ya timagetsi tothwanima, pamaso pake atamatapo chipepala cholengeza mawati 2,000. Tinakoka waya wa magetsi kuchokera kunyumba ya aphunzitsi ena, masipika n'kuwapachika mumtengo wa mango.

Perekaniperekani atayamba, azimayi anakuwa kuti, "Kwezani achimwene, kuno sitikumva!" Ndinakweza. Mawu anayamba kusasa ngati a munthu wachimfine. Ndinakwezanso. Kunamveka fungo la pulasitiki wopsa, kenako zii. Mwambo tinaumaliza ndi m'manja ndi nthungululu basi.

Bambo anga sanandikalipire. Anangondikodola n'kufunsa chapansipansi kuti, "Kodi yanga ija sinathebe kukonzedwa?"

Yawoyo anabwera nayo kuchokera kumigodi ku Joni ine ndili Sitandade 3. Inali ya bokosi la thabwa, kutsogolo kwa siliva, yolemera moti poinyamula umayamba wapuma kaye. Kumbuyo kwake analemba mawati 40 mbali iliyonse. Nditapeza nyumba ya magetsi kuno ku Domasi anandipatsa kuti ndiziisamala. Koma chaka chatha, nditaona zatsopano zitadzaza m'masitolo a ku Zomba, 40 uja anayamba kundichititsa manyazi. Ndinaigulitsa kwa a Mkwanda, okonza mawailesi pa Songani, n'kuwonjezera ndalama kugula yothwanimayi. Bambo ndinawanamiza kuti yawo ili kokonzetsa.

Lolemba ndinapita nayo yopsayo kwa a Mkwanda omwewo. Anamasula, n'kusuzumira m'kati, n'kupukusa mutu.

"Taonani, achimwene, mwadzaza mphepo yokhayokha. Katiransifoma aka, ngati bokosi la machesi, kangatulutse mawati 2,000? Ya madala anu ija tiransifoma yake inali ngati njerwa."

"Ndiye anatinamiza?" ndinafunsa.

"Mawati apachipepalawa ndi a kanthawi kongophethira diso. Makumi anayi aja anali oimba nawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, osatentha."

Anandiuzanso kuti chimene chapsa ndi kachipangizo kamodzi kogwira ntchito zonse, ndipo kuno sikapezeka. Zakalezo, akuti, chikafa chimodzi umangochotsa chomwecho n'kuika china.

Ndinawapempha kuti, "Ndigulitseninso ya bambo ija."

"Inapita kalekale. Anaitenga munthu wina woonetsa mavidiyo ku Liwonde, ndipo akuti sangaigulitse olo mutagwada. Paja tsiku lija ndinakufunsani kawiri ngati mwaganiza bwino."

Anandifunsadi. Ine ndinawaseka kuti ndi achikale.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti chatsopano chilichonse n'chachabe. Yothwanima ija pabalaza inkaimba bwinobwino, inali yopepuka, ndipo mtengo wake munthu wa malipiro ngati anga amaukwanitsa. Zatsopano zamphamvu zenizeni ziliponso, kungoti mtengo wake umakuthamangitsa m'sitolo. Vuto ndi ifeyo. Chiyambire matipate katundu wasefukira, ndipo tayamba kugula ndi maso. Nambala ikakhala yaikulu, timagetsi tikamathwanima, basi tagonja. Ndani amayesa kulemera kwa chinthu? Ndani amafunsa ngati chingakonzedwe chikawonongeka?

Pitani mukaone pa Songani. Makina osokera a amayi athu, njinga zakapalasa za abambo athu, mipando ya mlombwa, zonse zikupita motchipa kuti tigule zonyezimira zimene sizidzaona mvula ziwiri.

Dzulo ndinakwera njinga kupita kumudzi. Bambo ndinawapeza pakhonde akusoka mphasa, ndipo ndinawauza zoona zonse, ndi za bodza lija zomwe. Sanasiye kusoka. Kenako anati, "Ndinaigula nditatsika pansi pa nthaka zaka ziwiri. Pobwera sindinalole kuti aiike pamwamba pa basi, ndinaifukata pamiyendo mpaka pa Domasi. Ukanangondiuza kuti yakutopetsa, ndikanabwera kudzaitenga."



Nanga inu, chimene mukufuna kutulutsa m'nyumba mwezi uno, mwamufunsa amene anachibweretsa kuti anachipeza bwanji?