Nkhope ya pakhoma la pa Lizulu

Achimwene, lero mtima wanga wakhala m'malo. Sabata yatha ndinamva kuti babashopu ija ya pa Lizulu yagulidwa ndipo akuipenta, moti chakudya sichimalowa. Mukukumbuka tsiku lomwe munajambula pakhoma lake woimba rap wa ku America uja? Munkamukonda ngati m'bale wanu, mumvekere, "Ameneyu anakulira mu umphawi ngati ife, kundende analowako, koma nyimbo zinamutukula." Chithunzi chake cha pakaseti chinali chitafufutika, ndiye munandigwiritsa galasi lometera kuti muzionera nkhope yanu pojambulapo. Mkono unandiwawa, inu osalabadira. Mutamaliza, amayi ogulitsa mbatata ya kachewere anaseka mpaka misozi, amvekere, "Mmerika wanji wa mphuno ya kwanu ku Kandeu?" Munakwiya tsiku lonse.

Munapita osatisiyira chithunzi chanu ngakhale chimodzi, ndiye chaka chilichonse ndimapita kukakuonani pakhoma pomwepo. Lero ndinakwera minibasi mtima uli m'mwamba. Ndapeza khoma lonse lili buluu, koma nkhope ija ailambalala bwinobwino. Mwini watsopano wa nyumbayo, bambo wachisilamu wogulitsa nsalu, wandiuza kuti, "Woimbayu ine sindimudziwa, mayi. Koma amayi a mumsikamu anabwera kudzandiuza kuti ameneyu ndi mwana wa kuno, ndiye ndinauza wopenta kuti asamukhudze." Ndinangokhala pakhonde, kuseka ndi kulira pamodzi. Achimwene, omwe anakusekani aja ndi amene akusungani. Usani mumtendere, mphuno yanu ikadalipo.